Mkhristu pakati pa ziwawa: mafunso ndi mayankho pa nkhani yokana chiwawa ndi kuyanjanitsa anthu

Awa ndi mafunso amene amabwerabwera m'maphunziro a akulu a mpingo, amayi a Umanyano, achinyamata ndi miphakati kuno ku Mzuzu. Oyamba ndi a chiphunzitso, otsatirawo ndi a zochita.

Kodi kukana chiwawa kwa Mkhristu n'kutani kwenikweni?

Pali zinthu ziwiri zoyendera limodzi. Choyamba ndi kukana kupha, kuvulaza kapena kuwopseza munthu, ngakhale amene wakulakwira. Chachiwiri ndi kulimbana ndi choipacho mwa njira zina: kunena zoona pamaso pa amphamvu, kukana lamulo loipa n'kulolera chilango chake, kuima pakati pa omenya ndi womenyedwa, kukhazika adani pansi kuti akambirane. Munthu amene watseka chitseko mnzake akukuwa panja sanakane chiwawa, wangochisiyira ena. Amene Yesu akuwadalitsa pa Mateyu 5:9 ndi obweretsa mtendere pomwe palibe, ndipo ntchitoyo imadya nthawi, ndalama zoyendera, mbiri ya munthu, nthawi zina ndi moyo womwe.

Kupereka tsaya lina si kulola kuti anthu azikupondereza?

Ayi. Pa Mateyu 5:39 Yesu akutchula tsaya lamanja. Kuti umenye munthu tsaya lamanja ndi dzanja lamanja uyenera kumuwomba ndi kuseri kwa dzanja, ndipo akatswiri ena a Baibulo amafotokoza kuti imeneyi inali mbama yonyoza, ya bwana kwa kapolo. Wopereka tsaya linalo sakuthawa, sakubwezera, koma waimabe chilili kukana kuchepetsedwa.

Yesu mwiniwake atawombedwa mbama pa Yohane 18:23 sadakhale chete. Adafunsa womumenyayo kuti wamumenyeranji ngati wanena zoona. Paulo atakwapulidwa popanda kuzengedwa mlandu ku Filipi adakana kutulutsidwa m'ndende mwamseri, adati oweruzawo abwere okha (Machitidwe 16:37). Choncho kudandaula kupolisi, kusumira kukhoti kapena kuchita zionetsero zabata sikuswa chiphunzitsochi. Choletsedwa ndi kubwezera choipa ndi choipa, monga akunenera Aroma 12:17-21.

Nanga lupanga la pa Luka 22, mkwapulo wa m'Kachisi ndi Aroma 13?

Pa Luka 22:36-38 Yesu adanena zogula lupanga, ophunzira n'kumuonetsa awiri. Malupanga awiri sangateteze anthu khumi ndi awiri, ndipo usiku womwewo Petro atasolola limodzi adauzidwa kulibwezera m'chimake (Mateyu 26:52), Yesu n'kuchiritsa khutu la wovulazidwayo. M'Kachisi adagubuduza magome ndi kutulutsa ziweto, koma palibe Uthenga Wabwino umene umati wina adavulala. Aroma 13 amapatsa boma udindo woletsa zoipa. Sapatsa gulu la pamsika ufulu wotentha wakuba, ndiponso salamula Mkhristu kumvera boma likamutuma kuchita choipa, pakuti Machitidwe 5:29 amati timvere Mulungu koposa anthu.

Kodi mipingo yonse imaphunzitsa chimodzimodzi? Mkhristu angakhale msilikali?

Simaphunzitsa chimodzimodzi. M'zaka mazana atatu zoyambirira aphunzitsi ngati Tertullian ndi Origen ankatsutsa zoti Mkhristu akhetse mwazi, ndipo m'chaka cha 295 mnyamata wina dzina lake Maximilian adaphedwa ku Tebessa, m'dziko lomwe lero ndi Algeria, chifukwa chokana usilikali. Ufumu wa Roma utalandira Chikhristu, Augustine ndipo pambuyo pake Thomas Aquinas adaphunzitsa kuti nkhondo ingaloledwe pokhapokha chifukwa chake chili cholungama, yalamulidwa ndi boma loyenera, ndipo cholinga chake ndi kubwezeretsa mtendere. Aphunzitsi otsatira adaonjeza kuti njira zina zonse zikhale zitakanika ndiponso anthu wamba asakhudzidwe. Akatolika, a CCAP ndi a Anglican amatsata mwambo umenewu. A Mennonite, a Quaker ndi a Church of the Brethren amakana nkhondo iliyonse. A Mboni za Yehova nawo sagwira zida, ndipo kuno kwathu adaletsedwa mu 1967 n'kuzunzidwa kwambiri m'ma 1970 chifukwa chokana kugula makadi a chipani, osabwezera.

Ambiri amafunsanso za John Chilembwe. Mu Novembala 1914 adalemba kalata yotsutsa zotengera anthu akuda ku nkhondo ya azungu, koma pa 23 Januwale 1915 adatenga zida. Madandaulo ake pa thangata anali oona. Kuukirako kudatha m'masiku ochepa, iye adaphedwa, otsatira ake ambiri adanyongedwa kapena kuwomberedwa, tchalitchi cha ku Mbombwe chidagwetsedwa. Akhristu amaweruza mosiyana, ndipo nkhaniyi ndi yoyenera kuikambirana poyera m'maphunziro a achinyamata.

M'mipingo yathu muli asilikali a ku Moyale ndi apolisi, ena adakagwirako ntchito yosungitsa mtendere ku Congo. Sitiwayesa Akhristu operewera. Chomwe miyambo yonse iwiri imagwirizana n'chakuti kuwombera munthu wopanda chida, kuzunza wogwidwa ndi kulanga mudzi wonse pa mlandu wa mmodzi ndi tchimo, ngakhale walamula ndi mkulu.

Ku Malawi kulibe nkhondo. Nkhaniyi ikutikhudza bwanji ku Mzuzu?

Mzinda uno mwazi udakhetsedwapo kangapo. Kumayambiriro a Disembala 1993 a Young Pioneers adawombera asilikali kuno ku Mzuzu, ndipo ndipamene padayambira Operation Bwezani, ntchito ya asilikali yolanda zida a Young Pioneers. Zotsatira za chisankho cha mu Juni 1999 zitatuluka, mizikiti ingapo idatenthedwa kuno kumpoto ndipo anthu ochokera kummwera adathamangitsidwa m'nyumba zawo. Pa zionetsero za pa 20 Julayi 2011 anthu 20 adafa m'dziko muno, Mzuzu ndiye udataya ambiri, ndipo ena agona ku manda a ku Zolozolo. Mu 2019, pa zionetsero zotsutsa zotsatira za chisankho, sitolo ndi maofesi zidaswedwa miyezi yotsatizana. Kuonjezera apo pali kupha okalamba powaganizira ufiti, mphekesera za anamapopa, mikangano ya ufumu ndi malire a minda.

Nkhondo za anzathu nazo zimatifika pakhomo. Pa nkhondo ya ku Mozambique dziko lino lidasunga othawa kwawo pafupifupi miliyoni imodzi. Othawa ku Congo ndi Burundi amalowera ku Karonga n'kudutsa pa M1 popita ku Dzaleka. Ana athu a ku Mzimba ali ku Joni, komwe alendo adamenyedwa ndi kuphedwa mu 2008, 2015 ndi 2019.

Kodi pali pomwe njira imeneyi idathetsadi nkhondo?

Chitsanzo chapafupi ndi Mozambique. Zokambirana za boma la Frelimo ndi Renamo zidachitikira ku Rome, ku nyumba ya gulu la Akatolika la Sant'Egidio, kuyambira mu Julayi 1990. Amkhalapakati anali anayi: Andrea Riccardi, wansembe Matteo Zuppi, Arkiepiskopi Jaime Gonçalves wa ku Beira ndi Mario Raffaelli woimira boma la Italy. Analibe asilikali kapena chuma choti awopseze nacho wina. Mphamvu yawo inali yoti mbali zonse zinkawadziwa kuyambira kale, popeza a Sant'Egidio adakhala akutumiza thandizo ku Mozambique kwa zaka zambiri. Zokambiranazo zidatenga miyezi 27, zikuduka n'kuyambiranso, mpaka Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama adasaina pa 4 Okutobala 1992. Kenako mu 1995 Bishopu Dinis Sengulane wa Anglican ndi bungwe la mipingo ya ku Mozambique adayambitsa ntchito yosinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga, malata ndi makina osokera.

Ku Liberia mu 2003 amayi a Chikhristu ndi a Chisilamu, motsogozedwa ndi Leymah Gbowee, ankavala zoyera n'kukhala pa bwalo pafupi ndi msika wa nsomba ku Monrovia tsiku ndi tsiku. Zokambirana zothetsa nkhondo za ku Accra zitaima, adakhala pansi n'kutseka makomo a holo kuti nthumwi zisatuluke zisanamvane. Pangano lidasainidwa mu Ogasiti chaka chomwecho.

Kwathu kuno kalata ya maepiskopi a Katolika yodzudzula ulamuliro wa nthawiyo idawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992. Boma lidaiyesa youkira, maepiskopi adafunsidwa ndi apolisi, ndipo Monsinyo John Roche, amene ankayendetsa dayosizi ya Mzuzu, adapitikitsidwa m'dziko. Abusa a CCAP ndi atsogoleri a Chisilamu adagwirizana nawo, Public Affairs Committee idabadwa chaka chomwecho, ndipo riferendamu ya pa 14 Juni 1993 idathetsa ulamuliro wa chipani chimodzi popanda nkhondo yapachiweniweni.

Ofufuza awiri a ku America, Erica Chenoweth ndi Maria Stephan, adaunika magulu 323 olimbana ndi maboma kuyambira 1900 mpaka 2006. Adapeza kuti osagwira zida adapambana pafupifupi 53 pa 100 alionse, ogwira zida 26 okha. Chifukwa chachikulu n'chakuti kulimbana kopanda zida kumalowedwa ndi amayi, okalamba ndi ogwira ntchito m'boma, ndipo msilikali amavutika kuwombera gulu lomwe muli azakhali ake.

Nanga pomwe idakanika?

Ku Rwanda, pa kuphedwa kwa Atutsi mu 1994, anthu ambiri anali obatizidwa, ophedwa ndi opha omwe. Anthu masauzande adathawira m'matchalitchi a Ntarama, Nyamata ndi Nyange n'kuphedwera momwemo, ndipo wansembe wa ku Nyange, Athanase Seromba, adapezeka wolakwa ku khoti la ku Arusha. Chidavuta n'chakuti atsogoleri ambiri a mipingo adazolowerana kwambiri ndi boma, ndipo kwa zaka zambiri sadadzudzule mawu onyoza mtundu wina, mpaka nthawi yodzudzula idatha.

Palinso pomwe anthu adakhulupirika koma osapulumuka. Pa 30 Epulo 1997 zigawenga zidalowa ku seminale ya Buta ku Burundi n'kulamula anyamata kuti apatukane, Ahutu uku Atutsi uku. Adakana, ndipo 40 adaphedwa. Amene akuphunzitsa nkhaniyi asalonjeze anthu kuti wokana chiwawa savulala.

Mpingo wathu uyambire pati kusanavute?

Apa ndiye pagona nkhani yonse, chifukwa tsiku la ziwawa simungayambe kufunafuna nambala ya shehe kapena ya mkulu wa polisi. Sankhani kagulu ka anthu 8 mpaka 12, amayi asachepere theka, muli achinyamata, olankhula Chitumbuka, Chitonga ndi Chichewa, komanso okonda zipani zosiyana koma opanda udindo m'chipani. Kaguluko kakhale pansi ndi pepala lalikulu n'kujambula dera lake, kaya ndi Chibavi, Mchengautuwa kapena Luwinga: malo omwera mowa, siteji ya akabaza, msika, mijigo yomwe anthu amakanganirana, nyumba za okalamba okhala okha, za anthu achialubino ndi za alendo ochokera kunja. Pepalali lisungidwe ndi anthu awiri okha, lisajambulidwe pa foni, chifukwa likagwera m'manja olakwika limasanduka mndandanda wa oti aukiridwe.

Kenako yenderani anthu pamaso: mfumu ya m'deralo, khansala, mkulu wa polisi yapafupi, achitetezo cha m'dera, shehe, abusa a mipingo ina, tcheyamani wa msika ndi wa akabaza. Tengani nambala zawo za m'manja, osadalira 997 yokha, muzilembe papepala, ndipo miyezi itatu iliyonse muziziyesa ngati zikugwirabe. Ikani padera kandalama ka mayunitsi ndi mafuta a galimoto imodzi yodziwika mwini wake. Yesererani zochitika ngati sewero, ena akhale gulu lolusa, ena oletsa, kuti thupi lizolowere phokoso. A CCJP (bungwe la Katolika la chilungamo ndi mtendere) ku dayosizi, a Church and Society ku Sinodi ya Livingstonia ndi a NICE amaphunzitsa zoterezi. Dziko lilinso ndi lamulo la mtendere ndi umodzi la 2022, lomwe lidakhazikitsa Malawi Peace and Unity Commission ndi makomiti a m'maboma, ndipo kagulu kanu kadziwike kumeneko.

Magulu otere amafa kawirikawiri pa zifukwa ziwiri: adayamba chifukwa cha alawansi ya bungwe ndipo ndalama zitatha anthu adabalalika, kapena zonse zinali pa m'busa mmodzi amene adasamutsidwa.

Mphekesera zikayamba kuyenda pa WhatsApp tichite chiyani?

Musaitumize kwa ena, ngakhale ndi mawu oti "kodi n'zoona?". Funsani wotumizayo ngati waona yekha, kuti, nthawi yanji. Tumani anthu awiri kumalo otchulidwawo kapena imbirani chipatala ndi polisi. Mukapeza zoona, zilengezedwe ndi munthu wodziwika, ndi mawu ake ojambulidwa osapitirira mphindi imodzi, m'Chitumbuka ndi m'Chichewa, ndipo zibwerezedwe pa Radio Tigabane kapena Voice of Livingstonia ngati nkhaniyo yakula. Musanyoze amene akuopa. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zidaphetsa anthu ku Mulanje, Phalombe ndi madera ozungulira, ndipo amene ankauza anthu kuti ndi mbuli ankaganiziridwa kuti ali nawo m'gulu. Nenani zomwe mwafufuza ndi zomwe zakonzedwa kuti anthu agone mosaopa.

Gulu lagwira munthu, akuti ndi wakuba kapena mfiti. Tingamupulumutse bwanji?

Musapite nokha. Pitani anthu atatu mpaka asanu odziwika m'deralo, mutavala zokuzindikiritsani, kolala ya ubusa kapena yunifolomu ya amayi. Mmodzi atsale kunja kwa gulu akuimbira polisi ndi galimoto, ndipo anene malo enieni ndi njira yolowera. Ena ayende modekha, osathamanga, manja ali poonekera, akaime pafupi ndi wogwidwayo. M'gulu lililonse olusa enieni amakhala ochepa, ambiri ndi oonerera. Mmodzi wa inu alankhule ndi amene akutsogolera, pomutchula dzina ndi ulemu wake: "A Phiri, ndithandizeni, munthuyu tipite naye kupolisi, inuyo mukhale mboni." Munthu akatchulidwa dzina amakumbuka kuti akuoneka ndipo mawa adzafunsidwa.

Musatsutse zoti waba kapena walodza. Mukati ndi wosalakwa, mkwiyo umatembenukira kwa inu. Nenani chimodzi chokha mobwerezabwereza, kuti asaphedwe pano. Apatseni oonererawo zochita: uyu abweretse madzi, awa agwirane manja kutchinga, wina achotse mwakachetechete chigubu cha petulo, tayala ndi machesi. Nyimbo yodziwika ya kutchalitchi, ikayambitsidwa ndi amayi achikulire, nthawi zambiri imatsitsa phokoso. Musaloze anthu ndi foni powajambula. Galimoto ikafika, wogwidwayo apite kupolisi kapena kuchipatala, osati kunyumba kwa mmodzi wa inu, chifukwa gulu limatsatira n'kukatentha nyumbayo.

Ngati anthu aledzera kwambiri, anyamula zikwanje ndipo ayamba kukugendani inuyo, bwererani m'mbuyo pang'onopang'ono osawafulatira, mupitirize kuitana thandizo. Mawa lake ntchito ikadalipo: abale a wogwidwayo amakhala pa chiopsezo, makamaka pa nkhani ya ufiti yomwe imabuka pamaliro. Lamulo la ufiti la 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, ndipo mlaliki kapena mneneri amene amaloza agogo kuti ndiwo adapha mwana ali ndi gawo pa mwazi umene ungakhetsedwe.

Kodi Akhristu angachite nawo zionetsero? Zingatetezedwe bwanji kuti zisasanduke zipolowe?

Angathe. Gawo 38 la malamulo aakulu a dziko limapereka ufulu wosonkhana ndi kuchita zionetsero mwabata, popanda zida. Lamulo la apolisi limafuna kuti okonza adziwitse DC polemba kalata kusanatsale maola 48, ndi kupereka kope kupolisi. Kumanani ndi apolisi tsiku lisanafike, mugwirizane njira, nthawi ndi munthu mmodzi wolumikizana naye mbali iliyonse.

Ikani oyang'anira ovala zoonekera, mmodzi pa anthu 20 kapena 30, kutsogolo, m'mbali ndi kumbuyo. Kumbuyo n'kofunika koposa chifukwa ndiko kumalowera ofuna kuba. Yambani m'mawa, mwachitsanzo kuchoka pa Katoto cha m'ma 8, ndipo chikalata chikaperekedwa lengezani momveka kuti zatha, oyang'anira aperekeze anthu m'magulu mpaka atuluke m'tauni. Kuswa sitolo kumachitika kwambiri pobalalika, atsogoleri atakwera kale galimoto zawo. Wina akatola mwala, oyang'anira awiri amuzungulire n'kumutulutsa mofatsa. Zikavuta kutsogolo, gulu lonse likhale pansi, kuti oponya miyala aonekere okha. Utsi wokhetsa misozi ukaponyedwa, yendani molowera komwe mphepo ikuchokera, musatikite maso, sambani ndi madzi oyera ambiri. Ana ndi odwala mphumu atsale kunyumba. Wina akhale ndi mayina a omangidwa ndi nambala ya loya, pakuti gawo 42 limati womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48.

Anthu othawa ziwawa akabwera kutchalitchi tiwalandire?

Alandireni, posayang'ana mpingo, mtundu kapena chipani. Ku Central African Republic, nkhondo itavuta mu 2013 ndi 2014, Arkiepiskopi Dieudonné Nzapalainga adasunga Imam Omar Kobine Layama kunyumba kwake ku Bangui, ndipo wansembe Bernard Kinvi adabisa Asilamu mazanamazana pa mishoni ya Bossemptélé. Koma kumbukirani za ku Rwanda zomwe tafotokoza pamwambapa: khoma la tchalitchi palokha siliteteza munthu. Chimateteza ndi maso a anthu ambiri. Dziwitsani msanga polisi, DC, a Red Cross, likulu la mpingo ndi atolankhani, ndipo atsogoleri odziwika, a zipembedzo zina omwe, agone pomwepo mosinthana. Ngati oukirawo akugwirizana ndi olamulira a m'deralo, kuunjika anthu malo amodzi n'koopsa, ndi bwino kuwagawa m'makomo odalirika n'kuwatulutsa m'deralo.

Chida chilichonse chisalowe, ngakhale cha wothawayo. Polemba mayina musalembe mtundu kapena chipani. Konzani malita 15 a madzi pa munthu patsiku ndi chimbudzi chimodzi pa anthu 20, madzi akumwa athiridwe mankhwala chifukwa kolera sachedwa pamalo othinana. Amayi ndi ana agone kwaokha, njira ya kuchimbudzi ikhale yowala usiku, makomo otulukira akhale awiri. M'miyezi ya Juni ndi Julayi kuzizira kwa Mzuzu kumadwalitsa ana ogona pa simenti, choncho mabulangete ndi mphasa zifunidwe tsiku loyamba.

Kuyanjanitsa mbali ziwiri zodana kumayenda motani?

Musayambe ndi kuwakumanitsa. Amkhalapakati awiri, ovomerezeka ndi mbali zonse, ayendere mbali iliyonse payokha, kawiri kapena katatu, akungomvetsera. Afufuze amene ali ndi mawu enieni, chifukwa nthawi zambiri wolankhula pabwalo si amene amagamula. Pa mkangano wa munda kapena ufumu mwina ndi azakhali a kumudzi, kapena mwana amene ali ku Joni yemwe amatumiza ndalama za mlandu. Ku Wunlit, ku South Sudan, bungwe la mipingo lisanakumanitse Adinka ndi Anuer mu 1999, mafumu a mbali ziwirizo adayamba ayenderana kuti aone okha kuti kumaloko n'kotetezeka, ndipo pamsonkhanopo masiku oyamba adathera pa kufotokozerana zomwe mbali iliyonse idachitiridwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Malo akhale osakondera, osati tchalitchi cha mbali imodzi kapena bwalo la mfumu yomwe ili nawo pa mkanganowo. Gwirizanani malamulo poyamba: kulankhula mmodzimmodzi, osatukwana, osajambula, aliyense m'chilankhulo chake ndi womasulira amene onse amukhulupirira. Wina akamaliza, mkhalapakati abwereze zomwe wamva mpaka mwiniwake avomere kuti ndi zomwezo. Kenako funsani chomwe chili pansi pa zomwe akufunazo. Amene akuti munda wonse ndi wake mwina akuopa kuti manda a makolo ake alimidwa, ndipo zimenezo zili ndi yankho losafuna kulanda munda wonse. Yambani ndi mfundo zing'onozing'ono zotheka sabata yomweyo, monga kutsegula njira ya kumjigo.

Pangano lilembedwe momveka: ndani achita chiyani, pofika liti, ndipo akalephera zidzatani. Asaine eni ake ndi mboni, aliyense atenge kope, ndipo mukumanenso pakatha masiku 30. Mapangano ambiri amafa chifukwa adathera pa kugwirana chanza ndi pemphero popanda wobwerera kukaona, kapena chifukwa achinyamata amene adamenyanawo sadaitanidwe. Milandu ya kupha, kugwiririra ndi kugona ana si yokambirana, imapita kupolisi.

Kodi kukhululuka ndiye kuti wolakwa asalangidwe?

Ayi. Kukhululuka ndi kusiya kubwezera, ndipo mwini wake ndi wolakwiridwayo, pa nthawi yake. Kuyanjana kumafuna zambiri: wolakwa avomere, abweze zomwe angathe monga adachitira Zakeyu pa Luka 19:8, ndipo wolakwiridwa akhale wotetezeka. Ngakhale komiti ya Desmond Tutu yofufuza milandu ya nthawi ya tsankho ku South Africa inkakhululukira okhawo amene aulula zonse poyera. Kuimiritsa mayi wamasiye kutsogolo kwa mpingo kuti akumbatire amene adatentha nyumba yake, mlandu usanamveke n'komwe, ndi kumuvulaza kachiwiri.

Izi zikhudzanso nkhanza za m'banja. Mayi womenyedwa asauzidwe kuti apirire chifukwa Yesu adati tipereke tsaya lina. Lamulo la 2006 loletsa nkhanza za m'banja limamulola kukatenga chiletso kukhoti, kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit, ndipo wogwiriridwa afike kuchipatala pasanathe maola 72 kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV. Ankhoswe ndi akulu a mpingo abwere pambuyo pa chitetezo, osati m'malo mwake.

Tingagwire ntchito ndi Asilamu ndi andale osataya chikhulupiriro chathu?

Ndi Asilamu, inde, ndipo popanda iwo ntchitoyi siyenda. Ku Kaduna, ku Nigeria, M'busa James Wuye ndi Imam Muhammad Ashafa ankatsogolera magulu a achinyamata omenyana. Wuye adaduka dzanja, Ashafa adataya mphunzitsi wake ndi abale. Kuyambira 1995 akhala akuyanjanitsa anthu limodzi, aliyense ali m'chipembedzo chake. Chofunika ndi pangano losavuta: mzikiti ukaopsezedwa Akhristu akaime pakhomo pake, tchalitchi chikaopsezedwa, monga zidachitikira ku Mangochi mu 2003, Asilamu achite chimodzimodzi.

Andale lankhulani nawo onse, ndipo mukaonana ndi mmodzi enawo adziwe. Pachisankho gwiritsani ntchito makomiti a zipani zonse omwe amakhala ku khonsolo. Chovuta ndi ndalama. Mpingo umene walandira malata kapena envulopu kwa wopikisana nawo sungathenso kudzudzula anyamata ake akamenya anthu, ndipo mbali inayo sidzaulolanso kukhala mkhalapakati. Wandale abwere kudzapemphera ngati wina aliyense, koma asapatsidwe guwa.

Nanga ogwira ntchitoyi akavulala kapena kusweka mtima?

Zimachitika. Arkiepiskopi Janani Luwum adaphedwa ku Uganda mu Febuluwale 1977 atadzudzula Idi Amin, ndipo Tom Fox wa gulu la Christian Peacemaker Teams adagwidwa ku Iraq mu 2005 n'kuphedwa mu 2006. N'chifukwa chake aliyense alowe mwa kufuna kwake, banja lake likudziwa, ndipo akhale ndi ufulu wokana tsiku lina popanda kunyozedwa. Ana osakwana zaka 18 asatumidwe pagulu lolusa. Mpingo ugwirizaniretu amene adzalipire chipatala ndi kusamala banja wina akavulala.

Pakachitika zoopsa, kaguluko kakumane pasanathe masiku awiri, aliyense anene zomwe adaona ngati akufuna, osakakamizidwa. Kusowa tulo, kulota zoopsa ndi kudzidzimuka ndi phokoso n'zachibadwa m'masabata oyamba. Zikapitirira mwezi, kapena munthu akayamba kumwa mowa kwambiri, kukalipira ana kapena kulankhula zodzipha, aperekezedwe kwa alangizi a ku St John of God kapena ku chipatala chachikulu cha Mzuzu, ndipo apumule pa ntchitoyi mpaka alangiziwo atavomereza kuti abwerere.